Pulojekita Ikamazima Itangoyaka: Zoyenera Kuona Musanagule Babu Lina

Uthenga uwu ukupita kwa odzipereka, aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi makomiti onse amene amasunga pulojekita yoonetsera kanema pamisonkhano ku Connemara ndi m'matauni ena a migodi m'chigawo cha Midlands, monga Kwekwe, Redcliff, Gweru ndi Shurugwi. Ungathandizenso anzathu a kumsasa wa Tongogara ku Chipinge ndi a ku Dzaleka ku Dowa, chifukwa makinawa amagwira ntchito mofanana kulikonse.

Ambiri a inu zinakuchitikiranipo. Anthu adzaza holo, ena ayenda mtunda wautali kudzamva za ziphaso za kubadwa, katemera wa ana kapena kapewedwe ka kolera. Nsalu yoyera yapachikidwa, laputopu yalumikizidwa, chithunzi chaoneka bwinobwino. Sipanathe mphindi ziwiri, mdima bii. Mwayatsanso, yazimanso. Anthu ayamba kung'ung'udza, ena anyamuka kumapita. Mawa lake komiti yakhala pansi n'kugwirizana kuti babu lapsa, tisonkhe ndalama tigule lina. Babu lafika patapita masabata, mwaikamo, koma vuto lili pomwepo.

Kanema wa pagulu si wachilendo kuno. Makolo athu amene anachoka ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi ankaonera bayisikopo m'makomboni, ndipo kuyambira 1948 mpaka 1963 bungwe la Central African Film Unit linkapanga mafilimu amene ankaonetsedwa m'madera ambiri ndi magalimoto oyenda ndi makina ake. Makina a nthawi imeneyo akavuta, vuto linkaoneka ndi maso: filimu yaduka kapena lamba wamasuka. Pulojekita za masiku ano, ngakhale zimene tikuzitcha zakale, zili ndi kakompyuta m'kati kamene kamalondera chilichonse. Nthawi zambiri pulojekita ikazima itangoyaka siinafe ayi. Yadzizimitsa yokha pofuna kudziteteza, ndipo imanena chimene chaivuta kwa munthu wodziwa kuona zizindikiro zake.

Zimene zimachitika mukadina batani

Mukadina batani loyatsira, pulojekita imayamba yadzifufuza. Imaona ngati chitseko cha babu chatsekedwa. Imazungulitsa mafani n'kumva ngati akuthamanga pa liwiro loyenera. Kenako kachipangizo kotchedwa ballast kamatumiza magetsi a mavoti masauzande angapo kuti babu liyake, ndipo likayaka kamatsitsa mphamvuyo n'kumaisunga pamlingo umodzi. Babulo limatenga pafupifupi mphindi imodzi kuti liwale mokwanira. Nthawi yonseyi tizipangizo toyeza kutentha timakhala tikuuza kakompyuta kaja mmene m'kati muliri.

Chimodzi mwa zimenezi chikalakwika, kakompyutako kamadula magetsi opita ku babu. Kamatero chifukwa babu la pulojekita si lofanana ndi la m'nyumba. Mababu a mtundu wa UHP, amene kampani ya Philips inatulutsa mu 1995, ali ndi mercury m'kati, ndipo akayaka mpweya wake umapanikizika pafupifupi kuwirikiza 100 kuposa wa m'tayala la galimoto. Babu lotere likatentha mopitirira limaphulika. Choncho ntchito yanu si kukakamiza makinawo kuti ayake, koma kupeza chimene akuopa.

Yambani ndi wotchi, maso ndi makutu

Musanamasule sikulu ngakhale imodzi, chitani izi. Ikani pulojekita patebulo louma, m'chipinda mozizira, itapuma kwa ola limodzi. Chotsani zingwe zonse za laputopu, mutsale ndi cha magetsi chokha. Tengani foni muwerengere nthawi kuyambira podina batani mpaka pozima. Yesani katatu, mukuipatsa mphindi 10 zopuma pakati, ndipo lembani zimene mwapeza.

Pamwamba pa pulojekita pali timagetsi ting'onoting'ono tolembedwa POWER, LAMP ndi TEMP. Ikazima, onani kamene kayaka, mtundu wake, ndiponso ngati kakuphethira kapena kangoyaka osaphethira. Ngati kakuphethira, werengani kuti kangati. TEMP amanena za kutentha kapena fani. LAMP amanena za babu kapena ballast. Tanthauzo lenileni la kuphethirako limasiyana malinga ndi kampani, ndipo limalembedwa chakumapeto kwa buku la malangizo. Ngati bukulo linatayika, onani dzina ndi nambala ya pulojekita pachipepala chomata kunsi kwake, ndipo mukhoza kulipeza pa intaneti.

Nthawi imene mwalemba ija ikulozerani koyambira:

Ikazima pasanathe masekondi 10, chithunzi chisanaoneke n'komwe, ganizirani chitseko cha babu, fani yoima kapena magetsi.

Ikamveka kuti tchee, tchee kangapo, babu osayaka, kenako LAMP n'kuyaka, ganizirani babu kapena ballast.

Chithunzi chikaoneka n'kuzima pakati pa masekondi 30 ndi mphindi 2, ganizirani babu lotha, fani yofooka kapena kagudumu ka mitundu.

Ikagwira ntchito mphindi 5 mpaka 20, mafani n'kumakulirakulira phokoso, kenako TEMP n'kuyaka, vuto ndi kutentha.

Ikamazima nthawi yofanana ndendende ulendo uliwonse, popanda kagetsi kofiira, vuto likhoza kukhala mu menyu.

Ikazima yonse kamodzin'kamodzi, timagetsi tonse thii ndipo mafani aima nthawi yomweyo, magetsi ndiwo aduka asanafike m'kati.

Malire amenewa si lamulo, ndi chongokuthandizani kuti muyambe ndi chimene chili chapafupi. Sinthani chinthu chimodzi, yesani, lembani, kenako pitani pa china. Mukasintha zitatu pakamodzi simudzadziwa chimene chathandiza.

Fumbi ndi kutentha

Kuno ku Midlands uyu ndiye woyamba kumukayikira. Fumbi la m'misewu, la m'milu ya dothi la m'migodi ndi la zigayo za miyala limalowa paliponse, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa. Pulojekita imakoka mpweya nthawi yonse imene ikugwira ntchito, ndipo imakokera limodzi ndi fumbilo.

Pulojekita za mtundu wa LCD, monga za Epson, zili ndi sefa ya fumbi pambali kapena kunsi. Zimitsani, zulani pulagi, tsegulani kachitseko ka sefa n'kuisolola. Iyang'anitseni kudzuwa. Ngati kuwala sikukudutsa, ndiye kuti mpweyanso sukudutsa. Igogodeni pang'onopang'ono panja kuti fumbi ligwe, kenako ipukuteni ndi burashi yofewa youma. Musaitsuke ndi madzi pokhapokha buku la malangizo litalola, ndipo musaibwezeretse ili yonyowa. Ngati sefa yang'ambika kapena ikufumbutuka m'manja, ifunika ina. Musaikepo nsalu kapena siponji ya matiresi m'malo mwake, chifukwa zimatseka mpweya kuposa fumbi lomwe.

Pulojekita zambiri za mtundu wa DLP, monga za BenQ, Optoma ndi Acer, zilibe sefa. Pa zimenezi pukutani timipata tolowera ndi totulukira mpweya. Walitsanimo tochi muone ngati muli ulusi wa akangaude, mphemvu zakufa kapena fumbi lophimba ngati thonje. Musapoperemo mpweya ndi kompuresa ya matayala. Mphamvu yake imathyola mapiko a fani ndipo imakankhira fumbi m'magalasi. Musagwiritsenso ntchito mankhwala opopera a m'chitini, chifukwa ambiri amayaka akakhudza babu lotentha.

Kenako onani pamene mumaiika. Pulojekita zambiri zinapangidwa kuti zizigwira ntchito pa kutentha kosapitirira madigiri 35. Holo ya malata yodzaza anthu masana a mwezi wa Okutobala ikhoza kupitirira pamenepo. Musaiike pa bulangete, pa pilo kapena pa nsalu ya patebulo, chifukwa zimatseka timipata ta kunsi. Musaitsamiritse kukhoma kapena kuiika m'katoni. Siyani mpata wa theka la mita mbali zonse. Mukafuna kukweza chithunzi, gwiritsani ntchito timiyendo take, osati kuunjika mabuku kunsi. Onetsetsaninso kuti mpweya wotentha wa laputopu kapena wa sipika sukupita kumene pulojekita ikukokera mpweya.

Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Connemara ili pakati pa Kwekwe, amene ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndi Gweru, amene ali pa mamita pafupifupi 1,400. Kumtunda mpweya umakhala wopepuka ndipo suziziritsa bwino ngati wa kuchigwa. Makampani monga Epson amalangiza kutsegula High Altitude Mode kuyambira pa mamita 1,500. Ife tili pansi pang'ono pa malirewo, koma kwa pulojekita yakale m'nyengo yotentha, kutsegula mbali imeneyi mu menyu kumathandiza. Mafani amathamanga kwambiri ndipo phokoso limakwera pang'ono, koma m'kati mumazizira. Tsegulaninso Eco, imene imachepetsa kuwala kwa babu pang'ono. Kutentha kumatsika ndipo babu limakhalitsa. Usiku kapena mawindo ataphimbidwa, anthu saona n'komwe kusiyana kwake.

Fani yoima kapena yofooka

Pulojekita imakhala ndi mafani angapo, ndipo iliyonse ili ndi waya wouza kakompyuta liwiro lake. Imodzi yokha ikaima, makina onse amazima ngakhale m'kati musanatenthe. N'chifukwa chake TEMP akhoza kuyaka pulojekita ili yozizira, m'mawa kuli chisanu cha mu Juni.

Ikani dzanja pafupi ndi potulukira mpweya mutangoyatsa. Muyenera kumva kamphepo. Tcherani khutu: fani yabwino imalira mosalala. Yotha imalira ngati ikukhula chinthu, kapena imayamba n'kuima, kuyamba n'kuima. Nthawi zina chaitsekereza ndi kanthu kakang'ono, monga kapepala kapena chiwala, kamene mungakaone ndi tochi n'kukachotsa pulagi itazulidwa. Koma ngati fani yatha, m'pofunika mmisiri aisinthe ndi ina yofanana mavoti, kukula ndi chiwerengero cha mawaya. Fani si yodula ngati babu. Komiti imene yagula babu pamene vuto linali fani yataya ndalama pachabe.

Chitseko cha babu

Pansi pa chitseko cha babu pali kaswitchi kakang'ono kamene chitsekocho chimadina chikatsekedwa. Pulojekita yoyenda m'basi kapena panjinga m'misewu ya mabampu imagwedezeka, ndipo sikulu ya chitseko imamasuka. Nthawi zina kadzino ka pulasitiki kodina switchiyo kamathyoka. Zikatero makinawo amaganiza kuti wina watsegula, ndipo amakana kuyaka kapena amazima akangogwedezeka pang'ono.

Pulojekita itazizira ndipo pulagi itazulidwa, tsegulani chitsekocho, kankhirani babu m'malo mwake mpaka likhale bwino, mangani masikulu ake, kenako tsekani ndi kumanga chitseko. Vuto limeneli limatha popanda kulipira kalikonse. Koma chonde musamate kaswitchiko ndi selotepi kuti pulojekita iziyaka chitseko chili chotsegula. Kuwala kwa babulo kumawononga maso, ndipo likaphulika magalasi amaulukira anthu.

Babu lotha

M'kati mwa babu muli timitu tiwiri tachitsulo totalikirana pafupifupi milimita imodzi, ndipo kuwala kumabadwa pakati pake. Timituti timadyeka pang'onopang'ono. Mpata ukakula, babu limafuna mphamvu yambiri kuti likhalebe loyaka, mpaka ballast imalephera n'kulisiya. Ndiye chifukwa chake babu lokalamba limayaka likali lozizira, n'kuzima likangotentha.

Mababu a pulojekita zakale amakhala maola 2,000 mpaka 5,000, malinga ndi mtundu wake ndi kagwiritsidwe kake. Pulojekita imawerenga yokha maolawa. Ngati ikukupatsani mphindi imodzi isanazime, lowani mu menyu pa Info kapena Lamp Hours muone. Werengeraninso nokha. Babu la maola 2,000 logwira ntchito maola 6 pa sabata limapitirira zaka 6. Koma ngati pulojekita yomweyo imaonetsanso mpira ndi mafilimu maola 20 pa sabata, silikwanitsa zaka 2.

Zizindikiro zina za babu lotha ndi izi: chithunzi chakhala chikuchepa kuwala kwa miyezi, chimaphethiraphethira, kapena chasanduka chachikasu. Mukalitulutsa litazizira, kagalasi ka pakati kamaoneka kotupa, koyera ngati mkaka kapena kakuda.

Pulojekita zina, monga zina za NEC, zimakana kugwira ntchito maola a babu akapitirira malire, ngakhale babulo likuyakabe. Ena akadziwa zimenezi amangobweza chowerengera maola pa ziro n'kupitiriza ndi babu lomwelo. Musachite zimenezi. Babu lopitirira nthawi yake ndi limene limaphulika, ndipo likaphulika likhoza kuwononga magalasi ndi fani. Chowerengera chimabwezedwa pa ziro pokhapokha mutaika babu latsopano.

Musanagule, fufuzani ngati sukulu kapena mpingo wapafupi uli ndi pulojekita ya nambala yofanana ndi yanu. Pemphani kuti muyese babu lawo mwa yanu kwa mphindi 30. Ikagwira ntchito bwino, mwatsimikiza kuti vuto ndi babu. Ikazimabe, mwapulumutsa ndalama. Pogula tengani nambala ya pulojekita ndi ya babu, ndipo ngati n'kotheka tengani makina omwewo kuti babu liyesedwe musanalipire. Gulani babu lokhala kale m'chikombole chake. Lopanda chikombole ndi lotchipirapo, koma limafuna mmisiri wolidziwa. Chenjerani ndi mababu otchipa mokayikitsa, chifukwa ena sagwirizana ndi ballast ndipo amayambitsa vuto lomweli. Posintha musagwire galasi ndi zala, popeza mafuta a m'manja amapsererapo n'kulifooketsa.

Kagudumu ka mitundu

Izi zikukhudza pulojekita za DLP zokha. Kutsogolo kwa babu kuli kagudumu kagalasi ka mitundu yofiira, yobiriwira ndi yabuluu, kamene kamazungulira maulendo masauzande angapo pa mphindi. Pambali pake pali kadiso kamene kamawerenga kuzungulirako. Kadisoko kakaphimbidwa ndi fumbi, kapena kagudumu kakayamba kulimba, pulojekita imazimitsa babu.

Chizindikiro chake n'chakuti mitundu imasokonekera kapena imaphethira isanazime, kapena mumamva kulira kosongoka ngati kwa udzudzu waukulu. Mukaigwedeza pang'ono n'kumva ngati muli timagalasi tosweka, kagudumu kasweka. Kagudumuka n'kosachedwa kusweka ndipo kali m'kati, choncho kasiyireni mmisiri. Muuzeni zimene mwaona kuti ayambe wapukuta kadiso asanakuuzeni zogula china.

Magetsi a ZESA, jenereta ndi sola

Kunsi kwa pulojekita zambiri kunalembedwa kuti zimalandira mavoti 100 mpaka 240. Magetsi a ZESA ndi a mavoti 220 mpaka 240, choncho kutsika pang'ono sikuivuta. Chimene chimaivuta ndi magetsi odukaduka, ngakhale kwa kanthawi kosakwana sekondi. Babu likazima lili lotentha siliyakanso mpaka litazizirako, ndipo anthu amaganiza kuti lapsa.

Yambani ndi chingwe. Chikankhireni bwino kumbuyo kwa pulojekita. Gwirani pulagi: ikatentha kapena ikanunkha kupsa, pali polumikiza pamene pamasuka. Chingwe cha pulojekita zambiri n'chofanana ndi cha kompyuta ya patebulo, choncho bwerekani china muyese. Chotsani ekisitenshoni ndi maadaputa osanjikizana, muike pulagi m'soketi ya pakhoma. Ngati n'kotheka kaiyeseni m'nyumba ina.

Kuzimazima kwa magetsi, kumene mu 2019 kunkafika maola 18 pa tsiku madzi atachepa ku Kariba, kunachititsa kuti maholo ambiri azidalira jenereta ndi sola. Pulojekita ya babu imadya mawati pafupifupi 250 mpaka 350. Inveta ya mawati 300 siikwana, makamaka mukaonjezapo sipika ndi laputopu. Imalira n'kudzizimitsa, ndipo mlandu umagwera pulojekita. Pa batire ya mavoti 12, mawati 300 amakoka maampu oposa 25. Batire ya 100Ah yatsopano, imene siyenera kutsitsidwa kupitirira theka, siifika maola 2. Yakale imagwa pa mphindi zochepa babu likangoyamba kukoka mphamvu. Ngati pulojekita imayenda bwino pa ZESA koma imazima pa sola, vuto lili pa batire kapena inveta.

Pa jenereta, ilizeni kaye kwa mphindi zingapo mpaka kulira kwake kukhazikike, kenako lumikizani pulojekita. Musaiphatikize ndi ketulo, ayironi, filiji, pampu ya madzi kapena makina owotcherera zitsulo. Onani mafuta msonkhano usanayambe, chifukwa jenereta ikamatha mafuta magetsi ake amakwera ndi kutsika. Pomaliza zimitsani pulojekita, dikirani mafani aime okha, kenako zimitsani jenereta. Magetsi a ZESA akabwera, dikirani mphindi zingapo musanalumikize.

Kuzula pulagi mafani akali kuzungulira kumafupikitsa moyo wa babu pa pulojekita zambiri zakale. Komiti imene ingakwanitse igule UPS ya mphamvu yokwanira. Siikupatsani nthawi yomaliza filimu, koma imakupatsani mphindi zozimitsira bwino magetsi akathawa.

Vuto lobisala mu menyu

Pulojekita zambiri zimadzizimitsa zikakhala mphindi zingapo osalandira chithunzi. Mbali imeneyi imalembedwa Auto Power Off, Sleep Mode kapena Sleep Timer. Laputopu ikagona, kapena chingwe cha VGA kapena HDMI chikamasuka, pulojekita imaona ngati msonkhano watha. Pamenepa sipayaka kagetsi kofiira, ndipo mafani amaziziritsa babu mwadongosolo monga mwa nthawi zonse. Lowani mu menyu, tsekani mbali imeneyi kapena onjezani mphindi zake, ndipo sinthani laputopu kuti isamagone. Ngati pulojekita yanu ili ndi chotsekera cha galasi chokankha, chitseguleni chonse. Pa mitundu ina chikatsekeka kwa kanthawi makina amazima.

Onaninso rimoti. Batani lomatirira, kapena mwana amene akuseweretsa rimoti kumbuyo kwa holo, akhoza kukuvutitsani usiku wonse. Chotsani mabatire a rimoti muyesenso.

Chitetezo chanu ndi cha anthu

Zulani pulagi ndipo dikirani ola limodzi musanatsegule chitseko cha babu. Musatsegule chikuto chachikulu cha pulojekita. Mbali yolandira magetsi imasunga mavoti oposa 300 ngakhale pulagi itazulidwa. Musayang'ane m'galasi la kutsogolo ikayaka, ndipo ana asayime pamenepo kapena potulukira mpweya wotentha. Musayatse ndi kuzimitsa mobwerezabwereza pofuna kuikakamiza. Ikazima kawiri, lekani.

Kuno mercury tikuidziwa, chifukwa ndi imene ofukula golide amagwirira golide m'dothi, ndipo nthunzi yake ndi poizoni ku ubongo ndi impso, makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera. Babu likaphulika mudzamva phokoso lalikulu. Tulutsani anthu modekha, zulani pulagi, tsegulani zitseko ndi mawindo kwa mphindi zosachepera 30. Wotola magalasi avale magolovesi, awole ndi katoni ndi pepala lonyowa, aike m'botolo lotseka. Babu lakale musaliwotche, musaliponye m'chimbudzi kapena pafupi ndi chitsime, ndipo musalipatse ana. Musaliswe pofuna kutengamo mercury. Ndi yochepa kwambiri moti siingagwire ntchito iliyonse, koma nthunzi yake ikhoza kukuvulazani. Likulungeni, lisungeni pamalo otetezeka, ndipo funsani khonsolo kapena ofesi ya Environmental Management Agency za kotaya.

Nthawi yopita kwa mmisiri

Ngati mwapukuta fumbi, mwamanga chitseko, mwasintha chingwe ndi soketi, mwaona menyu, mwayesa babu lina, koma ikuzimabe, vuto lili m'kati. Likhoza kukhala ballast, choyezera kutentha, fani ya m'kati, kapena makapasita otupa pa bolodi ya magetsi. Makapasita amakalamba ndi kutentha, ndipo mmisiri wokonza ma TV amawadziwa bwino ndipo amawasintha pamtengo wotsika.

Pitani ndi pepala lolemba dzina ndi nambala ya pulojekita, nthawi imene imatenga isanazime, kagetsi kamene kamayaka ndi kuphethira kwake, maola a babu, mtundu wa magetsi amene mumagwiritsa ntchito, ndi zonse zimene mwayesa kale. Pemphani kuti akuuzeni mtengo asanayambe ntchito, akubwezereni zipangizo zimene wachotsa, ndipo ayatse pulojekita kwa ola limodzi inu muli pomwepo musanalipire. Pitani anthu awiri a m'komiti ndipo tengani lisiti.

Nthawi zina kukonza sikupindulitsa. Ngati pakufunika babu ndi ballast pakamodzi, yerekezani mtengowo ndi wa pulojekita ina. Makampani ambiri tsopano akupanga za LED ndi laser, zimene zilibe babu la mercury, ndipo zambiri za LED zimadya magetsi ochepa moti zimayenda bwino pa sola. Koma zing'onozing'ono zotchipa siziwala mokwanira holo yaikulu, choncho yesani musanagule.

Kukonzekera tsiku la msonkhano

Sankhani munthu mmodzi woyang'anira pulojekita ndi wina womuthandiza. Ikani kabuku m'chikwama chake, kolembamo tsiku, maola amene yagwira ntchito, amene anabwereka, ndi vuto lililonse. Pukutani sefa mwezi uliwonse, ndipo m'nyengo ya fumbi pakatha masabata awiri alionse. Muziisunga m'chikwama chotseka, pamalo ouma, koma musaiikemo ikali yotentha. Poyenda nayo ikulungeni kuti isagwedezeke.

Dzulo lake la msonkhano, iyatseni kwa mphindi 30 m'holo momwemo, pa magetsi omwewo amene mudzagwiritse ntchito. Pa tsikulo fikani ola limodzi anthu asanabwere. Ngati kukutentha, konzani msonkhano m'mawa kapena madzulo.

Khalaninso ndi njira ina. Sindikizani mfundo zikuluzikulu za uthenga papepala, kapena zilembeni pa bolodi. Sungani mawu a filimuyo pa foni kuti anthu amvere pa sipika. Pulojekita ikazima pakati pa msonkhano, musalimbane nayo anthu akuyang'ana. Wothandiza aone timagetsi n'kulemba, pamene wotsogolera akupitiriza kufotokoza ndi pakamwa. Mayi amene wasiya ntchito zake kudzamva mmene angapezere chiphaso cha mwana wake asabwerere osamva chifukwa cha makina.

Ngati pulojekita imene muli nayo munalandira kuchokera ku bungwe, dziwitsani wogwira ntchito wa bungwelo amene amayendera dera lanu musanaipereke kwa mmisiri kapena kugula chilichonse. Mupatseni pepala la zimene mwalemba lija. Chonde werengerani uthengawu anzanu a m'komiti amene sanaulandire, ndipo sungani tsambali m'chikwama cha pulojekita.